MIBVI YOSAONEKA YOCOKERA KUTHAMBO: KODI UTA WACE ULI KUTI?

Kwa zaka zingapo tsopano pali uthenga wina umene umazungulira pa mafoni a m'manja m'maiko ambiri, ndipo ukazimirira umabweranso. Umanena kuti usiku wa lero mphamvu yoopsa yocokera kuthambo idzadutsa pafupi ndi dziko lapansi, cotero munthu aliyense azime foni yace ndi kuiika kutali ndi pamene wagona. Woulandira amautumiza kwa mbale wace, mbaleyo kwa mlamu wace, kufikira mudzi wonse wagona ndi mantha. Kukaca, tambala amalira monga mwa masiku onse, ndipo sipapezeka munthu wopsa kapena foni yophulika.

Uthengawo ndi wonama. Koma dzina limene umachula, lakuti cosmic rays, si lopeka ai. Ziriko ndithu zinthu zimene zimagwa pa dziko lino kucokera kuthambo; kungoti sizidikira usiku umodzi woikika. Zimagwa usana ndi usiku, dzinja ndi cirimwe, kwa Pembamoyo monganso ku Lusaka ndi ku London, ndipo zinayamba kugwa makolo athu oyamba asanabadwe. M'nkhani ino tizichula kuti mibvi ya kuthambo, pakuti zimabwera ndi liwiro loopsa, ndipo funso limene lasautsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 100 ndi lomwe lija munthu amafunsa akatola mubvi pa bwalo lace m'mawa: waponya ndani, ndipo anaima pati?

TINJERE TOTHAMANGA

Cinthu ciriconse cimene tingacigwire, kaya ndi mwala, madzi, nsima kapena thupi la munthu, cinamangidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri tochedwa maatomu. Kucepa kwace ndi kwakuti maatomu mamiliyoni angapo, atandandalikidwa pa mzere umodzi, angakwane m'lifupi mwa njere imodzi ya mawere. Pakati pa atomu iriyonse pali kanjere kolemera, monga mmene njere imakhalira mkati mwa cipatso ca masau. Mibvi ya kuthambo ndi tinjere timeneti titasendeka, tothamanga pafupi-fupi ndi liwiro la kuunika, ndiko kuti makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Pa tinjere 10 tiri tonse, pafupi-fupi 9 ndi ta mpweya wopepuka koposa wochedwa haidrojeni; totsalato ndi ta zinthu zolemererapo, ndipo towerengeka ndi ta citsulo.

Mwai wathu ndi wakuti tinjereti sitifika pansi tiri tamphumphu. Kanjere kakalowa mumlengalenga, makilomita 15 kapena kuposapo pamwamba pa mitu yathu, kamaomba mpweya ndi kuuphwanya. Zophwanyikazo zimaomba mpweya wina, nazonso ziphwanya zina, kufikira mphamvu yonse yamwazika. Zimene zimatifika ndi zidutswa cabe, ndipo zambiri mwa izo ndi tinthu tochedwa muon. Pa malo aakulu ngati cikhadabo ca cala, kamodzi kamadutsa pa mphindi iriyonse. Timapyoza denga la udzu, malata, nkhokwe ndi ife eni, ndi kulowa m'nthaka, osamveka ndiponso osasiya bala. Mpweya umene uli pamwamba pathu umatichinjiriza mofanana ndi madzi akuya mamita 10, ndipo foni, ingakhale yoyaka kapena yozima, siionjezerapo kanthu kapena kucotsapo.

Amene anatsimikiza kuti zinthuzi zimacokera kumwamba ndi Victor Hess wa ku Austria. Asayansi a m'masiku ace anali kudabwa kuti zipangizo zao zosunga mphamvu ya magetsi zinali kutaya mphamvuyo pang'ono-pang'ono ngakhale zitatsekedwa bwino. Ambiri anati cocititsa ciri m'miyala ya pansi. Hess anaganiza kuti ngati ndi conco, munthu akakwera m'mwamba kutayikako kuyenera kucepa. Pa 7 August 1912 anakwera m'cibaluni pamodzi ndi zipangizo zace kufikira mamita 5,300, napeza kuti m'malo mocepa kunaculuka kwambiri. Mu April caka comweco anali atakweranso pa tsiku la kadamsana, mwezi utaphimba mbali yaikulu ya dzuwa, koma sanaone kusintha. Apo anazindikira kuti dzuwa sindilo gwero leni-leni. Analandira mphotho ya Nobel mu 1936.

UMBONI WA KU KALEMBA

Wina angafunse kuti zimenezi zitikhudza bwanji ife a kuno kum'mawa. Yankho liri pafupi, ku phanga la Kalemba m'dera la Chadiza, loyang'ana cigwa ca Chipwete, kumene akulu amasimba kuti anthu anali kubisala pa nthawi ya nkhondo za Angoni.

Zidutswa zina za mibviyi zikaomba mpweya wa naitrojeni kumwambako zimausandutsa mtundu wina wa kaboni wochedwa kaboni 14. Kaboni ndiye cinthu cija cimaculuka m'makala. Mitengo, cimanga ndi udzu zimakoka kaboniyu mumpweya pamene zikukula. Mbuzi idya udzu, munthu adya cimanga ndi mbuziyo, motero camoyo ciriconse ciri ndi kaboni 14 wocepa m'thupi mwace. Cikafa cimaleka kulandira watsopano, ndipo amene analimo amayamba kutha mwa muyeso wosasintha: theka lace pa zaka 5,730 ziri zonse. Cotero munthu woyesa amene watsala m'khala kapena m'fupa angathe kuwerenga zaka zimene zapita cifere mtengowo kapena nyamayo. Njira imeneyi inatulukiridwa ndi Willard Libby ku Chicago ca m'ma 1949, ndipo nayenso analandira mphotho ya Nobel mu 1960.

Mu 1971 David Phillipson, amene anali kugwira nchito yosunga malo a mbiri yakale m'dziko lino, anakumba pansi pa phanga la Kalemba. Anapeza zida za miyala, mafupa ndi zotsala za moto wakale, zosanjikizana kuyambira pamwamba kufikira pansi. Zitayesedwa mwa njira ya Libby, za m'munsi zinaonetsa kuti anthu anali kukhala pamenepo zaka zoposa 35,000 zapitazo, Acewa ndi Angoni asanamveke n'komwe. Zimene anapeza anazifalitsa m'buku mu 1976. Conco zaka za anthu oyamba a dera lathu zinawerengedwa pa koloko imene imayendetsedwa ndi mibvi ya kuthambo.

Koma mibvi imene imagwira nchito imeneyi ndi ya wamba, yoculuka ngati mcenga, ndipo kwao kukudziwika ndithu. Yocepa imacokera ku dzuwa likabvundumuka. Yambiri imabadwira mkati mwa Mlalang'amba, mzere woyera uja umadutsa pakati pa thambo usiku wopanda mwezi. Mzerewo ndi khamu la nyenyezi zoposa mabiliyoni 100, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Nyenyezi yaikulu ikakalamba imaphulika, ndipo umboni wambiri ukuloza ku mabwinja a nyenyezi zoterozo monga kumene mibvi ya wamba imaponyedwera. Kunja kwa Mlalang'amba wathu kuli milalang'amba ina yosawerengeka, uliwonse ndi nyenyezi zace. Mlandu umene sunagamulidwe ndi wa mibvi ina, yosowa, imene tingaichule kuti zimphona.

ZIMPHONA

Mu 1938 Pierre Auger wa ku France anaika zipangizo zowerengera zidutswa motalikirana, naona kuti nthawi zina zonse zimagunda pa kamphindi kamodzi. Anazindikira kuti kanjere kamodzi kamphamvu kangabale zidutswa mamiliyoni, zimene zimagwa pamodzi pa malo otakata ngati mvula ya matalala. Powerenga matalalawo munthu angadziwe mphamvu ya kanjere kamene kanawabala ndi mbali imene kanadzera.

Mu February 1962 John Linsley, amene anachera zipangizo zace m'cipululu ca New Mexico ku America, anakola cimphona coyamba. Pa 15 October 1991 makina ochedwa Fly's Eye, m'cipululu ca Utah, anaona cina cacikulu koposa, cimene kufikira lero palibe cacipambana. Asayansi anacipatsa dzina la cizungu la kudabwa lakuti Oh-My-God, monga mmene ife tinganenere kuti mayo ine. Kuti mumve mphamvu yace, tengani paketi ya shuga ya kilo imodzi, muigwetse kucokera pa nthambi ya mamita 5. Mphamvu imene ingaombe nayo pansi ndiyo inali m'kanjere kamodzi kocepa kuposa atomu. Ku Geneva kuli makina aakulu koposa onse amene anthu anamanga othamangitsira tinjere, oyenda mozungulira pansi pa nthaka makilomita 27. Koma kanjere ka mu 1991 kanaposa ta m'makinawo kokwana 40 miliyoni.

Pa 27 May 2021, ku Utah komweko, makina ena ochedwa Telescope Array anakola cimphona cina cocepa pang'ono kwa cija. Nkhani yace inalengezedwa mu November 2023, ndipo cinachedwa Amaterasu, dzina la mulungu wamkazi wa dzuwa m'cikhulupiriro ca makolo a ku Japan. Zimphona zotere ndi zosowa kwambiri. Pa malo a kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, sicifika ngakhale cimodzi pa zaka 100. Naconso cikafika cimaphwanyikira mumpweya monga zinzace, kotero kuti munthu wolima pansi pa matalala ace sangamve kanthu.

MAPAZI OSOKONEZEKA

Nanga cikulepheretsa n'ciani kuloza kumene zimacokera? Kuunika kwa nyenyezi kumayenda molunjika, ndico cifukwa cace nyenyezi timaiona ku mbali imene iri. Koma tinjere ta mibviyi tiri ndi mphamvu ya magetsi, ndipo cinthu cotero cikadutsa pamene pali mphamvu ya maginito cimakhota. Mlalang'amba wonse ndi wodzala ndi mphamvu ya maginito, yofooka koma yofalikira pali ponse. Mibvi ya wamba imapotoka-potoka mkati mwace kwa zaka mamiliyoni, monga kalulu wozungulira m'chire kuti asokoneze agalu, ndipo pofika kuno imadzera mbali zonse mofanana. Zimphona zokha, cifukwa ca mphamvu yao, ndizo zimakhota pang'ono, motero ndizo zingasunge mapazi. Koma ndizonso zimene sizipezeka. Mlenje ali ndi mapazi ambiri osokonezeka ndi mapazi owerengeka oongoka.

Pali cinthu cina cimene cinacepetsa chire lofunamo. Mu 1965 kunadziwika kuti thambo lonse ndi lodzala ndi kuunika kozirala, kosaoneka ndi maso, kotsala kucokera pa ciyambi ca cilengedwe. Caka cotsatira Kenneth Greisen wa ku America, ndiponso Georgiy Zatsepin ndi Vadim Kuzmin a ku Soviet Union, anawerengera kuti kuunika kumeneku sikubvuta mibvi ya wamba, koma kwa cimphona kuli ngati udzu wautali kwa munthu wothamanga: kumacidya mphamvu m'njira monse. Cotero cimphona cimene cafika kuno cikali ndi mphamvu yace sicingacokere kutali kopitirira. Mitunda ya kuthambo imayesedwa ndi nthawi imene kuunika kumatenga poyenda. Kucokera ku dzuwa kumatenga mphindi 8 zokha. Malire a zimphona ali pa ulendo wa kuunika wa zaka mamiliyoni 150 kapena 200. Kwa ife ndi mtunda wosaganizika, koma pa kukula kwa cilengedwe conse kumeneko ndi pa mudzi woyandikana. Woponya ali pafupi. Cozizwitsa ndi cakuti asayansi atatsata mbali imene Amaterasu anadzera, anapeza dera la thambo limene muli milalang'amba yocepa kwambiri, ngati mapazi olowa m'dambo lopanda mudzi. Mwina kanjereko kanakhota koposa mmene anayesera. Mwina kumeneko kuli cinthu cimene makina athu sanacione.

Nanga uta woponya mubvi wotere ungaoneke bwanji? Mu 1949 Enrico Fermi anapereka ganizo lakuti kanjere sikalandira mphamvu yace yonse kamodzi. Kamakankhidwa mobwereza-bwereza ndi mitambo ya maginito yoyenda, monga mwana pa katungwe amene amapita patali pang'ono ulendo uliwonse akamkankha, kufikira cingwe calephera kumsunga. Mu 1984 Michael Hillas wa ku Leeds anaonetsa kuti katungwe wobala cimphona ayenera kukhala wamkulu kwambiri, kapena wa maginito amphamvu kwambiri, apo ai kanjere kamathawa kasanakhwime. Mabwinja a nyenyezi zophulika za mu Mlalang'amba wathu sakwanira pa muyeso umenewu. Oganiziridwa aakulu atsala awiri. Woyamba ndi milalang'amba imene pakati pace pali cinthu colemera kuposa madzuwa mamiliyoni, cochedwa dzenje lakuda cifukwa ngakhale kuunika sikuthawamo. Pamene cikumeza mpweya wozungulira, mbali ina ya mpweyawo imalabvulidwa m'mizere iwiri yaitali pa liwiro loyandikira la kuunika. Waciwiri ndi milalang'amba imene nyenyezi zimabadwa ndi kuphulika moculuka zedi, ndi kuutsa cimphepo camphamvu cotuluka kunja.

MSAMPHA WA KU ARGENTINA

Nyama ikakhala yosowa, wocenjera amakulitsa msampha. Mu 1992 James Cronin wa ku America ndi Alan Watson wa ku Britain anayamba kusonkhanitsa maiko kuti amange msampha waukulu koposa. Unamangidwa pafupi ndi tauni ya Malargüe ku Argentina, unachedwa dzina la Pierre Auger, unayamba kuwerenga mu 2004 ndi kutsirizidwa mu 2008. Pa cigwa ca mahekitala 300,000 anaikapo matanki a madzi oposa 1,600, lirilonse pa mtunda wa kilomita ndi theka kucokera pa linzace. M'tanki lirilonse muli malita 12,000 a madzi oyera, ofanana ndi zigubu 600 za malita 20, otsekeredwa mumdima. Zidutswa zikadutsa m'madzimo zimatulutsa kuwala kocepa, ndipo makina amalemba nthawi yace. Matanki amene agunda poyamba ndi amene agunda pambuyo amaonetsa mbali imene matalala anadzera. M'mphepete mwa cigwaco muli makina ena oyang'ana kumwamba, amene usiku wopanda mwezi amaona mpweya ukunyezimira pamene cimphona cadutsa.

Mu 2007 asayansi a kumeneko analengeza kuti zimphona zoyamba zimene anakola zinali kuloza ku milalang'amba ya maenje akuda. Anthu anakondwa msanga. Koma zitaonjezeka zina m'zaka zotsatira, kugwirizanako kunafooka, ndipo iwo eni anabvomereza poyera. Anapezanso kuti mibvi yamphamvu koposa si ya haidrojeni yokha monga ambiri anayembekezera, koma yambiri ndi ya tinjere tolemererapo, timene maginito amatikhotetsa kwambiri. Nchito inakula m'malo mocepa.

Cipatso ceni-ceni cinabwera mu 2017. Asayansi oposa 400 a m'maiko 18, atasanthula mibvi yamphamvu yoposa 30,000, anaonetsa kuti mbali imodzi ya thambo imatumiza yoculukirapo, ndi kusiyana kwa pafupi-fupi 6 pa 100. Mbaliyo iri kutali ndi pakati pa Mlalang'amba wathu, kumene kukadakhala kuculuka ngati uta ukadakhala kwathu konkuno. Apo panatsimikizika cinthu cimodzi cacikulu: mibvi yamphamvu koposa ndi alendo ocokera ku milalang'amba ina.

MBONI ZOSAKHOTA

Popeza mubvi weni-weni umasoceretsa, asayansi anafunanso mboni zina. Pamalo pamene mibvi ikuponyedwa, ina imaombana ndi mpweya wa pomwepo ndi kubala zinthu ziwiri zimene maginito sazikhotetsa: kuunika kwamphamvu kochedwa gamma, ndi tinthu tochedwa neutrino. Ziri ngati utsi umene umaulula pamene pali moto. Pa nchito yofuna mboni zimenezi dera lathu la kum'mwera kwa Africa liri ndi mbiri yace.

Akulu amene anapita ku Joni m'masiku a Wenela, pamodzi ndi anzao ambiri-mbiri a ku Malawi ndi ku Mozambique, akudziwa kuya ndi kutentha kwa migodi ya golide. Ku Boksburg, kum'mawa kwa Johannesburg, kuli mgodi wochedwa East Rand Proprietary Mines, umene unali pakati pa migodi yakuya koposa pa dziko lonse. Neutrino ndi kanthu kamene kangapyoze dziko lonse lapansi osagunda kanthu, cotero wofuna kukaona ayenera kubisala kumene zidutswa zina zonse sizifika. Frederick Reines wa ku America ndi Friedel Sellschop wa pa yunivesite ya Witwatersrand anatsitsa makina ao mu mgodi umenewu, mamita 3,200 pansi pa nthaka, kuti thanthwe likhale sefa. Pa 23 February 1965 analemba neutrino yoyamba ya cilengedwe, yobadwa pamene mubvi wa kuthambo unaomba mpweya wa dziko lathu. Caka comweco gulu lina linacita cimodzi-modzi m'migodi ya Kolar ku India. Maina a asayansiwo ali m'mabuku. Maina a anthu akuda amene anaboola matanthwe a migodi ya ku Joni ndi kutulutsa miyala yace sapezeka m'mabuku a sayansi, koma popanda maenje ao makinawo sakadakhala ndi pobisala.

Ku Namibia, pa mapiri a Khomas pafupi ndi phiri la Gamsberg, makilomita ngati 100 kucokera ku Windhoek, kuli makina ochedwa H.E.S.S. pokumbukira Victor Hess. Ndi magalasi aakulu oyang'ana kumwamba, anai a mamita 12 m'lifupi ndi limodzi la mamita 28. Loyamba linayamba nchito mu 2002, ndipo lalikululo mu 2012. Anasankha malowo cifukwa ndi ouma, a mdima, ndiponso pakati pa Mlalang'amba pamadutsa pamwamba peni-peni pa maiko a kum'mwera. Mu 2004 makinawa anajambula bwinja la nyenyezi yophulika likutulutsa kuunika kwa gamma, umboni wakuti tinthu tikuthamangitsidwa pamenepo. Mu 2016 anaonetsa kuti pakati pa Mlalang'amba wathu pali katungwe woponya tinjere mwamphamvu yoposa ya makina a ku Geneva kokwana 100 ndi kupitirira. Umenewo si uta wa zimphona, koma ndi citsanzo ca mmene mauta otere amagwirira nchito. Yunivesite ya Namibia ndi mayunivesite a ku South Africa ali pakati pa eni nchitoyo.

Mdzukulu wa makina a ku Boksburg ali kumapeto kwa dziko kum'mwera, ku Antarctica, kumene madzi oundana ndi okhuthala makilomita oposa 2. Kumeneko anaboola maenje 86 ndi madzi otentha, natsitsamo maso a magetsi 5,160 pakati pa mamita 1,450 ndi 2,450 pansi. Makinawa, ochedwa IceCube, anatsirizidwa mu December 2010. Pa 22 September 2017 anaona neutrino yamphamvu, ndipo mphindi isanathe uthenga unatumizidwa kwa oyang'ana thambo a m'maiko ambiri. Ataloza makina ao ku mbaliyo anapeza mlalang'amba wa dzenje lakuda umene mzere wace wa moto waloza kuno, uli mkati moyaka kwambiri. Kuunika kwace kumatenga zaka pafupi-fupi mabiliyoni 4 kuti kutifike. Mu 2022 IceCube inalozanso mlalang'amba wina wochedwa NGC 1068, wa pa ulendo wa kuunika wa zaka mamiliyoni 47. Izi zinalimbitsa mlandu wa maenje akuda, koma sizinautsirize, pakuti neutrino zimenezo zingabadwe kwa mibvi yocepa mphamvu kwa zimphona.

PHINDU LACE NDI GAWO LATHU

Mlimi amene akudandaula za mtengo wa fetereza ali ndi ufulu wofunsa phindu la zonsezi. Pamene Hess anakwera cibaluni palibe anadziwa kuti cidziwitso cimeneci cidzawerenga zaka za phanga la Kalemba. Mu 2017 ofufuza a ku Japan, France ndi Egypt anagwiritsa nchito tinthu ta muon poona mkati mwa piramidi yaikulu ya ku Giza, napezamo cipinda cobisika ca mamita ngati 30 osagumula mwala ngakhale umodzi. Kuyambira ca m'ma 2008 pali makina oimika m'munda amene amawerenga zidutswa za mibviyi zobwerera kucokera m'nthaka. Dothi lonyowa limameza zambiri, louma zocepa, motero cipangizo cimodzi cimauza cinyezi ca mahekitala oposa 10 popanda kukumba, ndipo wothirira amadziwa tsiku loyenera kuthirira. Nzeru imene inayamba ngati cidwi cabe yafika pa mzere wa cimanga.

Pa nchito yoyang'ana thambo Zambia sali kunja kwa mpanda. Ndi limodzi mwa maiko 8 a mu Africa amene anagwirizana ndi South Africa pa nchito ya Square Kilometre Array, makina aakulu omvera mafunde a wailesi ocokera kuthambo, amene South Africa ndi Australia anasankhidwa mu 2012 kuti awasunge. Mizere ya moto ya maenje akuda imaoneka bwino koposa ndi makina a mtundu umenewu. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndi ya Copperbelt, imene inakhazikitsidwa mu 1987, zimaphunzitsa sayansi imene nchito yotere imafuna. Khomo lace ndi masamu a ku pulaimale ndi ku sekondale. Mbadwo wa agogo athu unakumba maenje amene ena anaikamo makina. Makolo a kwa Pembamoyo, kwa Mwangala, kwa Zingalume ndi kwa Mlolo amene ali ndi mwana wokonda kuwerengera, wamwamuna kapena wamkazi, asamcotse pa sukulu kuti akawete ng'ombe kapena akwatiwe. Mbadwo uno uyenera kukhala pakati pa owerenga zimene makinawo akunena.

Mmodzi wa oganiziridwa aakulu pa mlanduwu ali pamwamba pa minda yathu. M'miyezi yokolola, kuyambira April kufikira June, tulukani panja mutadya nsima ya madzulo ndi kuyang'ana kum'mwera. Mudzaona nyenyezi zinai zooneka ngati mtanda, ndi ziwiri zowala pambali pace. Pamwamba pa zimenezi pali mlalang'amba wochedwa Centaurus A, umene maso okha sauona bwino, koma magalasi oonera patali amauonetsa ngati kamtambo kozirala. Uli pa ulendo wa kuunika wa zaka pafupi-fupi mamiliyoni 12, ndipo ndiwo wapafupi koposa mwa milalang'amba imene maenje ao akuda amalabvula mizere yamphamvu ya moto. Matanki a ku Argentina akola zimphona zoculukirapo kucokera ku dera limenelo la thambo. Koma m'dera lomwelo mulinso mlalang'amba wina wa nyenyezi zophulika moculuka, wochedwa NGC 4945, ndipo umboni sunakwane kuti mlandu ugwere mmodzi mwa awiriwa. Oweruza akali kusonkhanitsa mboni, cimphona cimodzi-cimodzi, ndipo matanki aja aonjezeredwa zipangizo zatsopano zosiyanitsa tinjere topepuka ndi tolemera, kuti atsate topepukato, timene mapazi ace ndi oongoka.